Chimbale cha Malemu pa Hita

Henderson anavundukula kansalu koluka kamene kanaphimba chimbale cha galamafoni. Chimbale chinali chitapindika. M'mbali mwake munakwera ndi kutsika ngati tsamba la fodya louma, ndipo chinali chikadali chofunda.

Chimbalecho sichinali chake. Chinali cha apongozi ake, mayi a mkazi wake Peggy, amene anabwera ku Romford, mu London, kuchokera ku Ndirande kudzaona mdzukulu wawo wakhanda, Atikonda. Ulendo wonse wa pa ndege anachifungata pamiyendo, chitakulungidwa m'chitenje. Munali mawu a malemu amuna awo, amene ankatsogolera kwaya ya kutchalitchi kwawo. Galamafoni ya banjalo inafa kalekale, ndipo chimwalirireni bambowo palibe amene anamvaponso mawu awo.

Chaka chimenecho, 2009, anthu ankamvera nyimbo pa intaneti ndi pa tizipangizo ta m'thumba, koma anyamata andevu a mu London anali atayambanso kusakasaka zimbale zakuda zamakedzana. Henderson, amene ankalondera pakhomo la sitolo ya zovala, anagula galamafoni yakale pamsika, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankalankhula ngati anabadwira ku nyumba youlutsira mawu.

"Za pa intanetizi ndi madzi okhaokha," ankauza aliyense wokhala naye pafupi m'basi. "Nyimbo yeniyeni imafuna singano."

Akanatha kuwayimbira apongozi chimbalecho tsiku lomwe anafika, koma Henderson sankachita chinthu popanda mwambo. Anati singano yatsopano ifike kaye. Kudzera mwa Peggy, poti mkamwini salankhula ndi apongozi ngati mnzake wa ku bawo, analonjeza kuti Lamulungu akadzaweruka kutchalitchi adzawamva amuna awo.

Tsono katundu wa malemu saikidwa pansi, kapena m'kabati momwe muli nsapato. M'kanyumba kawoko malo aulemu anali amodzi: pamwamba pa hita, chitsulo chotenthetsera m'nyumba, m'munsi mwa chithunzi cha ukwati. Apo ndi pamene Henderson anaika chimbalecho. Miyezi yonse yotentha hitayo inali chitsulo chozizira, poika Baibulo ndi maluwa apulasitiki. Nyengo itasintha, mwini nyumba anayatsa makina ake osauza munthu.

Henderson akadali chiyang'anire chimbalecho, Peggy analowa atavala yunifolomu, akukonzekera shifiti yake ku chipatala.

"Bwanji bambo a Atikonda, mwaona mzukwa?"

"Tseka chitseko. Amayi ali kuti?"

"Akusambitsa mwana." Kenako anachiona. Anagwira pakamwa n'kukhala pansi pomwepo. "Mayo ine. Abambo anga mwawawotcha."

"Sindinawawotche, angofunda pang'ono. Ukawauze amayi ndiwe, Peggy. Ndiwe mwana wawo."

"Ine? Katswiri wa singano ndinu. Amayi aja dzulo anachapa duku lawo loyera. Akuti akufuna abambo adzawapeze atatchena."

Henderson anabisa chimbalecho m'jekete n'kutuluka monyang'ama ngati wakuba m'nyumba yakeyake.

Pamsika wa Romford panali mzungu wina wachikulire wogulitsa zimbale, yemwe uja anamugulitsa galamafoni. Anachizondotsa, n'kuchiyang'ana cham'mbali.

"Pa hita?" anafunsa.

"Chikhoza kuwongoka?"

"Ena amachipanikiza pakati pa magalasi awiri n'kuchifunditsa. Nthawi zina chimawongoka. Nthawi zina chimasungunuka, mawu onse n'kupita."

"Nanga china chofanana nacho?"

Mzunguyo anawerenga dzina la kwaya movutikira.

"Sindinachionepo."

"Pa intaneti?" anatero Henderson chapansipansi, akuyang'ana uku ndi uku kuti pasakhale womudziwa.

Mzunguyo anafufuza pa kompyuta yake. Munalibe. Nyimbo za dziko lonse zinali mmenemo, kupatula apongozi ake aamuna.

"Musachikhudzenso," anatero mzunguyo. "Ikani kandalama kachitsulo pamutu pa singano kuti isamadumphe, kenako mupemphere."

Masiku otsalawo Henderson sanadye bwino. Apongozi akakhosomola kuchipinda, iye ankadzidzimuka. Ankadziona atakhala pabwalo ku Ndirande, ankhoswe atamuzungulira, akufunsidwa kuti munthu amene waphika mawu a malemu angasunge bwanji mwana wa eni ake.

Lamulungu linafika. Apongozi anakhala pampando, duku loyera kumutu, Atikonda ali m'manja. Henderson anagwada pafupi ndi galamafoni. Mawu aatali otsegulira mwambo amene anakonza anali atamuthawa. Anatulutsa chimbale, ndipo panalibe njira yochibisira. Apongozi anachiyang'ana. Anayang'ana hita. Sanayang'ane mkamwini.

Henderson anaika kandalama kaja n'kutsitsa singano.

Kunamveka kuthetheka, kenako kwaya. Singano inkakwera ndi kutsika ngati minibasi pamsewu wa maenje, ndipo nyimbo inkapendama nayo limodzi. Koma pamwamba pa onsewo panatuluka mawu aakulu a mwamuna, akugwedera, akumira, akutumphukanso. Peggy anabisa nkhope m'chitenje. Apongozi sanaphethire. Milomo yawo yokha ndi imene inkayenda, ikutsatira mawuwo, ikuwadikira pamene atsalira.

Nyimbo inatha.

"Peggy," anatero apongozi, "uwauze bambo a mwanayu abwerezenso."

Anabwereza. Anabwerezanso. Kenako mayiwo anapereka mwana kwa Peggy, n'kudzuka. Anachotsa okha chimbalecho, anachipukuta ndi nsonga ya duku, n'kuchikulunga m'chitenje chija. Atafika pakhomo la chipinda chawo anaima.

"Uwauze kuti ndawamva amuna anga, ndathokoza."

Henderson anaomba m'manja mwaulemu.

"Uwauzenso kuti mdzukulu wangayu ndikudziwa kuti amamulemekeza kwambiri. Asadzamuike pachitsulopo."

Chitseko chinatsekeka. Henderson anakhalabe chogwada kwa kanthawi, kenako anachotsa Baibulo ndi maluwa pa hita paja. Mawa lake m'basi, mnyamata amene anakhala naye pafupi anali ndi tizingwe tomvera nyimbo m'makutu, ndipo anafika kumene ankapita osaphunzitsidwa chilichonse.