Zipewa za Ubweya za a Mogens Brinch

Chombo chochokera ku Copenhagen chinafika ku Tranquebar, ku India, mwezi wa Meyi, nthawi imene ngakhale akhwangwala amauluka kukamwa kuli yasa chifukwa cha kutentha. A Mogens Brinch, amene anali atakhala m'tauniyo zaka khumi ndi zinayi akugula tsabola ndi nsalu zotumiza kwawo ku Denmark, anatsikira kugombe mtima uli dyokodyoko. Anali ataitanitsa kwa mlamu wawo Ditlev mipeni, magalasi ndi zitsulo, katundu wosagona m'nyumba.

Mabokosi atalowa m'nyumba ya katundu, a Vairavan Chetti, amene ankawamasulira ndi kuwapezera ogula, anaima pambali kudikira. Bokosi loyamba litatsegulidwa, munali zipewa. Zipewa zaubweya wa nkhosa, zokhuthala, zofiira psuu, zophimba ndi makutu omwe. Lachiwiri zipewa. Lachitatu zipewa. Pa bokosi la khumi ndi chiwiri ndi pamene a Mogens anaona kuti pansi pa dzina lawo panali dzina lina lofufutidwa mwaulesi, la wamalonda wa ku Iceland.

"Ndiye kuti panopa ku Iceland kuli munthu amene akudziyang'ana pa magalasi anga makutu akuuma ndi chisanu," anatero a Mogens.

A Vairavan anatola chipewa chimodzi, nachitembenuza, napisamo dzanja.

"Bwana, ichi n'choikamo chiyani?"

"Mutu."

"Mutu wa ndani? Walakwanji?"

Sabata yonse anayesa kuzigulitsa paliponse. Msodzi wina anavala chimodzi pang'ono, nachivula msanga, nati ubongo wake wayamba kununkhira ngati dzira lowiritsa. Asilikali a kulinga anaseka mpaka wina kutsamwa. Wamalonda wa ku Nagore anafunsa mwaulemu ngati azungu amavala zimenezi polira maliro.

Koma a Mogens sanali munthu wogonja msanga. Loweruka anauza akazi awo a Rosalia, mayi wobadwira mu Tranquebar momwemo, kuti nzeru yapezeka.

"Azungu a m'tauni muno ndi nkhosa. Chimene wavala munthu wolemekezeka lero, mawa onse avala. Mawa tikatuluka m'tchalitchi ndivala chimodzi, ndiyende nacho mumsewu waukulu."

"Bambo, masana? Mukafa ndikawauza chiyani abale anu? Kuti munapsa?"

"Mayi, za malonda zisiyeni. Si za akazi."

A Rosalia anangoti, "Chabwino," napitiriza kusankha mpunga.

Lamulungu mapemphero atatha, a Mogens anakokera chipewa mpaka m'makutu nayamba kuyenda mwachifumu kupita ndi kubwerera mumsewu waukulu, uku akuweramira anthu. Ankauza aliyense kuti ku Copenhagen masiku ano munthu wopanda chipewa chotere salowa m'nyumba za akuluakulu, ndiponso kuti madokotala apeza kuti chimatchinga dzuwa kuti lisafike ku ubongo. Ulendo woyamba anayenda bwino. Wachiwiri, thukuta linali litadzaza m'nsapato, ndipo utoto wofiira unayamba kutsika m'masaya ngati munthu wotemedwa. Ulendo wachitatu anakumana ndi mkazi wa bwanamkubwa. Anawerama kuti apereke moni, koma sanawerukenso. Anangopitirira mpaka pansi, khu!

Anapita nawo kunyumba pa machila, ana a mumsewu akuthamangira pambuyo.

Anagona masiku awiri, osafuna kuona munthu. Tsiku lachitatu kunabwera abusa Hagerup kudzazonda wodwala, ndipo a Rosalia anabweretsa vinyo. Abusa anamwa pang'ono, naima, nayang'ana tambula.

"A Brinch, vinyoyu ndi wozizira."

"Abusa, musandiseke. Ndasekedwa mokwanira."

"Sindikuseka. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikumwa vinyo wofunda ngati msuzi. Imwani muone."

A Mogens anamwa. Anadzuka pa bedi osafunanso ndodo, natsata akazi awo kukhonde la kuseri kumene kumawomba mphepo ya kunyanja. Kumeneko kunali mabotolo asanu ndi mitsuko iwiri, zonse zitavala zipewa zofiira zonyowa, zili ndandanda ngati akuluakulu a mpingo.

"Amayi anga ankakulunga mtsuko ndi chiguduli chonyowa n'kuuika pamphepo," anatero a Rosalia. "Koma chiguduli chimauma msanga. Izi zimasunga madzi tsiku lonse."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Za malonda si za akazi, bambo."

Abusa anachoka ndi zipewa zinayi, akuti n'za vinyo wa mgonero. Mawa lake kunabwera wantchito wa bwanamkubwa kudzatenga makumi awiri. Kenaka asilikali aja amene anaseka, kenaka Afalansa a ku Karikal, kenaka Angelezi ochokera kutali ku Madras. Mvula isanagwe, mabokosi onse anali mbee.

Apa a Mogens anasintha. Pa phwando lililonse ankafotokoza mmene anaganizira nzeruyo ali yekha, mmene anaitanitsira zipewazo dala, ndi kuti kugwa kuja mumsewu kunali kuyesa mphamvu ya ubweya. Ndipo chombo chisananyamuke kubwerera kwawo, a Mogens analembera mlamu wawo kalata yoitanitsa mabokosi makumi anayi.

"Bwana, khumi akanakwana," anatero a Vairavan.

"Vairavan, iwe ndiwe wamantha. N'chifukwa chake sulemera."

"Zoona, bwana," anayankha a Vairavan, amene anali ndi nyumba zitatu.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pofika Khirisimasi, pa msika panaoneka timatumba ta thonje tokhuthala, tokhala ndi chingwe chomangira pakhosi pa botolo, tojambulidwa mbalame ndi maluwa. Tinkaziziritsa chimodzimodzi, sitinkanunkha nkhosa yonyowa, ndipo mtengo wake unali wotsika ngati wa nthochi. Otipanga anali amisiri owomba nsalu a ku Porayar, mudzi woyandikana nawo. A Mogens atafufuza mwini wa ntchitoyo, anathamangira kwa a Vairavan maso ali psuu.

"Akuti ndi mlamu wako!"

"Mlamu chabe, bwana. Inunso muli ndi mlamu. Mukudziwa kuti anthu amenewa sauzidwa zochita."

Kalata inali itapita kale, ndipo panyanja palibe amene angaithamangire. A Mogens anayamba kupemphera mapemphero achilendo, oti Ditlev adwale pang'ono, kapena asokonezenso mabokosi. Koma ulendo uno Ditlev anachita zonse molongosoka. Patapita chaka ndi miyezi, chombo chinafika ndi mabokosi makumi anayi osasowa ngakhale limodzi, ndi ena khumi apamwamba. M'kalata yake analemba kuti wamva chisoni kuti ku India kwayamba kuzizira chotero, choncho mwa nzeru zake wawonjezapo masokosi aubweya ofika m'mawondo.

A Mogens anakhala pa bokosi nthawi yaitali. Kenaka anatenga sokosi imodzi, naipinda bwinobwino, napita nayo kunyumba. Anapeza a Rosalia akuthira mchere pa nsomba. Anavula chipewa chawo cha mlaza, natsokomola, naika sokosiyo pa tebulo.

"Mayi, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Mwadwala kodi?"

"Ayi. Ndimati mwina... inu amene mumaona zinthu... kapena mungaone kuti ichi chingagwire ntchito yanji."

A Rosalia anapukuta m'manja, nainyamula ndi zala ziwiri, naitambasula. Inali yaitali ngati mkono wawo wonse.

"Zilipo zingati?"

"Mabokosi khumi. Osawerengera zipewa."

"Lachisanu kwa bwanamkubwa kuli phwando," anatero a Rosalia. "Mukaimirire pamaso pa onse, munene amene anaveka botolo chipewa. Mukatero ndiyamba kuganiza."

"Pamaso pa onse? Ndi Afalansa omwe?"

"Makamaka Afalansa."

A Mogens anayang'ana sokosi, nayang'ana akazi awo, nafunsa ngati jekete lawo labwino lachapidwa.