Makalata a Alamu Yeremiya

Makina osindikizira anafika pa ofesi ya mpingo ku Dowa Boma m'chaka cha 1992, mphatso yochokera kwa abale a kunja. Esitere, yemwe anali atagogoda taipi pa ofesipo zaka khumi ndi ziwiri, ndiye anapatsidwa kuti aziwasamala pamodzi ndi kompyuta yake. M'kati mwake munali kabokosi ka inki kamene kankathamanga uku ndi uku, n'kumalavulira timadontho papepala kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso. Zilembo zinkatuluka zokongola ngati za m'buku. Vuto linali inkiyo: ankachita kuitanitsa kunja, ndipo sinkachedwa kutha.

Lachinayi lina mu Disembala, abusa atapita kumaliro ku Nachisaka, kunatulukira mlamu wake wa Esitere, Yeremiya, mphunzitsi wa ku mapiri a Ntchisi. Anakana mpando. Anasolola kapepala m'sokosi.

"Alamu, mundisindikizire makumi anayi."

Esitere anawerenga mizere itatu n'kumubwezera. Inali kalata youza anthu kuti asaope kulankhula za zipani zambiri.

"Inu, mukufuna ana anga aleredwe ndi ndani?"

"Apolisi amazindikira taipi, alamu. Iliyonse ili ndi chilembo chake chopindika. Makina anuwa alibe chizindikiro, ndiponso sachita phokoso. Wodutsa panja sangamve."

Esitere anaima pazenera kanthawi. Apolisi anatenga mchimwene wake zaka zisanu zapitazo chifukwa cha mawu amene analankhula pa mowa, ndipo anali asanabwerere. Anatseka zenera lija n'kuyamba kulemba.

Tsamba lililonse linkatuluka pang'onopang'ono ngati likuchita manyazi. Yeremiya ankangozungulira m'chipindamo, kusuzumira pakhomo, kubwerera. Pa tsamba lachikhumi ndi chisanu ndi chiwiri zilembo zinayamba kudukaduka.

"Chavuta n'chiyani?"

"Timabowo tatsekeka. Takhalani pansi, mukundizunguza mutu!"

Anachotsa kabokosi kaja, napukuta kunsi kwake ndi kansalu konyowa, zala zonse bii. Makina anayambanso, koma atafika pa makumi atatu ndi limodzi inki inatheratu. Yeremiya analowetsa mapepala m'malaya, nakwera njinga. Kumpoto mitambo inali itada kale.

Masiku atatu otsatira Esitere sanakhazikike. Galimoto ikaima pamsewu, ankasuzumira pazenera. Anatsuka zala ndi sopo, kenako ndi phulusa, koma m'zikhadabo munatsalabe kuda. Lamlungu m'tchalitchi anabisa manja m'nsalu mpaka mapemphero kutha.

Lolemba m'mawa Yeremiya anatulukira, tsaya lili lotupa.

"Akugwirani?"

"Andigwira, koma andisiya. Mvula inandipeza nditangodutsa Msakambewa, ndipo panalibe pobisala. Kutsogolo ndinapeza anyamata atatchinga msewu, akufunsa makhadi a chipani. Atandisecha anapeza mapepala aja. Alamu, ndinadziwa kuti zanga zatha. Koma atawatambasula, inki yonse inali itasungunuka. Panalibe liwu ngakhale limodzi lowerengeka, mathothomathotho okhaokha."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati ndi mayeso a ana a sitandade seveni. Wamkulu wawo anandimenya mbama, ati mphunzitsi wanji wonyowetsa mayeso. Basi, anandiuza ndizipita."

Esitere anakhala pansi. Anayamba kuseka, kuseka kuja n'kusanduka misozi. Yeremiya anadikira kuti atonthole.

"Kuli anthu akudikirabe makalatawo kumtunda kuja," anatero motsitsa mawu.

"Inki yatha. Ndipo Lachisanu abusa akufuna ndondomeko ya mapemphero a Khirisimasi. Ndikawauza chiyani?"

Yeremiya anatuluka, nakwera njinga yake.

Mawa lake Esitere anapempha tsiku limodzi, nakwera basi ya ku Lilongwe, kabokosi kouma kali m'chikwama. Analowa m'masitolo asanu kufunafuna inki. Ogulitsa ena ankakatembenuzatembenuza n'kupukusa mutu, wina anafunsa ngati ndi kachitsulo ka wailesi. Anabwerera chimanjamanja, ndipo atangotsika basi analunjika kunyumba ya abusa. Anawauza zonse ali chiimire pakhonde.

Abusa anayang'ana chimanga cha kuseri kwa mpanda.

"Mayi, zimene mwanenazi sindinazimve," anatero pomaliza. "Ndondomekoyo ndilengeza pakamwa. Koma alamu anuwo muwauze asadzaonekenso pa ofesi ine kulibe. Akafuna kanthu, adzayambe aonana ndi ine."