Phokoso la m'Galimoto ya Bambo Gracian

Anthu ophunzira amandithetsa nzeru. Munthu amafika pa galaja yanga pano pa boma la Ntcheu atavala tayi, mafoni awiri m'manja, koma akatsegula pakamwa umachita kumuchitira manyazi. Bambo Gracian ndi mmodzi wa iwo. Amagwira ntchito ku bungwe lina la zaulimi, ndipo ali ndi galimoto yoyera yoitanitsa ku Japan.

Anafika Lachiwiri m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuluma. Moni sanapereke. Anangomwaza maso uku ndi uku kufunafuna munthu wandevu.

"Amakaniko ali kuti?"

"Ndine amene, dzina langa ndi Zelesi. Yatani galimoto?"

Anati akayatsa eyakoni, choziziritsa m'galimoto chija, mumamveka phokoso, tcheke-tcheke-tcheke. Anali atapita kale kwa amakaniko atatu, ndipo onse anapereka yankho la dziko lino: gasi watha. Kuno eyakoni ikalira ndi gasi, ikanunkha ndi gasi, ikadontha madzi ndi gasi yemweyo. Anathiramo katatu konse, wina anachotsanso lamba wabwinobwino n'kuika wina, koma phokoso linali pomwepo.

"Ndiye sindinabwere kudzakonzetsa ayi," anatero atatsitsa mawu. "Mungoiona, kenako muwauze amalume anga pa foni kuti makina ake alibe vuto."

Nditawafunsa chifukwa, nkhani inatuluka. Masabata awiri apitawo anapita kwawo ku Mlangeni ndi akazi awo, a Tracy, ndi ana awo kukaonetsa galimotoyo. Potsanzikana, a Tracy anaona apongozi awo, mayi ake a Gracian, atawerama pampando wakutsogolo, akupisa dzanja mobisa m'kabokosi ka pa dashibodi. Asanafike n'komwe pa msewu wa tala, phokoso linayamba. Basi, mlandu unathera pomwepo: gogo waikamo mankhwala. Loweruka achibale amayenera kukhala pansi kuti mayiwo ayankhe za ufiti. Mayi amene anapsa ndi dzuwa pamsewu akugulitsa kachewere kuti mwana wawo adzavale tayi! Kuwafunsa kuti munkatani m'galimoto muja, zimenezo mwana wophunzira sanaziganizire. Kunena zoona, ndinanyansidwa.

Ndinaliza injini n'kutsegula boneti. Kompuresa inkagwira ndi kusiya bwinobwino, lamba ali phee. Ndinalowa m'kati, ndinazimitsa batani la eyakoni n'kusiya fani yokha ikuzungulira, phokoso silinasiye. Fani ikakhala pa wani linkamveka pang'onopang'ono, pa folo linkachita ngati mbuliwuli zikuphulika mumphika. Ndiye kuti vuto linali mu fani ya m'kati, osati ku gasi. Izi sizifuna digiri, zimangofuna makutu, koma anzanga atatu aja makutu awo ndi opachikapo mapensulo.

Ndinagulula kabokosi kaja. Kanali kothinana ndi mapepala a misonkhano ya kuhotela. Kumbuyo kwake kumayenera kukhala sefa yotchinga zinyalala, koma wina anaichotsa kalekale, panangotsala dzenje loyasama pamwamba pa fani. Nditayamba kumasula masikuluwu, bambo Gracian anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, milomo ikugwedera ndi pemphero. Ankadikira nyanga ndi mikanda.

Ndinatsitsa fani ija n'kuikhuthulira pa chibenthu cha katoni. Munatuluka mtedza. Mtedza wokazinga, wothira mchere, wina utasweka ndi mapiko a fani. Pakati pake panakola kapepala ka shuga kong'ambika, kakadali komanga pakamwa ndi kansalu ka chitenje. Kanafinyika ndi mapepala aja potseka kabokosi, n'kugwera kumbuyo.

"Ufiti wanu ndi umenewu, bwana," ndinatero. "Lawankoni, mchere wake ndi wokwana bwino."

Sanaseke. Anatola kansalu kaja n'kumakatembenuza m'manja, ndipo ndinaona kuti chitenjecho akuchidziwa.

"Akazi anga salola ana kudya za kumudzi," anatero, mawu atauma. "Amati zimatsegula m'mimba."

Ndinapukuta fani, ndinaibwezera, ndinaikamo sefa yatsopano. Nditayatsa, mphepo yozizira inatuluka popanda ndi kaphokoso komwe. Eni ake sanaimve n'komwe. Anali ataimbira kale amalume awo Lamlungu, ndipo ku Mlangeni nkhani yotere sigona m'nyumba imodzi. Pofika tsikulo, ngakhale amayi a kumjigo anali akudziwa kuti gogo uja walodza galimoto ya mwana wake.

Anakhala pampando wa dalaivala, chitseko chili chotsegula, n'kuimba foni. Anaiwala kuti foniyo ndi yolumikiza ku wailesi ya galimoto, moti galaja yonse inamva ikuitana. Inaitana nthawi yaitali.

"Amayi," anatero bambo Gracian, mayi awo atayankha.

"Bambo, ndinu?" anatero mayi aja, mawu awo ali otopa. "Za Loweruka ndamva, ndidzakhalapo, musavutike n'kunditumira anthu. Ine ndimangoti ndifunse, ana aja anaupeza mtedza wawo?"