Ubatizo wa a Pyo Gap-su

Uthengawo unamupeza Myeong-suk ali kuseri kwa tchalitchi, manja ali mu kabichi. Inali sabata yokonza kimchi, kabichi wosasitsa wodya nyengo yonse yozizira, ndipo amayi a mpingo anali atazungulira mabeseni akuluakulu, kupaka tsabola patsamba lililonse, mphuno zili chuchuchu ndi chisanu.

"Mayi Pyo, foni yanu yalira katatu," anatero mayi wina. "Kodi mwapeza chibwenzi paukalamba pano?"

"Angandifune ndani ndikununkha adyo chonchi?" anayankha Myeong-suk, n'kuvula golovesi ndi mano.

Oimbawo anali Abusa a Noh, amene Lachiwiri lililonse ankayendera odwala kuchipatala cha okalamba kunja kwa tauni ya Gimje.

"Mayi Pyo, khalani pansi kaye. Bambo anu apempha ubatizo. Apempha okha, ine sindinawakakamize. Mulungu wayankha!"

"Chabwino, abusa. Liti?"

Abusa ankayembekezera mawu ena. "Lachinayi masana. Mudzandigwirire mbale ya madzi."

Amayi aja atamva anakuwa aleluya, wina mpaka anamukumbatira, n'kumusiyira tsabola paphewa. Myeong-suk anavalanso golovesi yake n'kutenga kabichi wina.

Bambo ake, a Pyo Gap-su, anali okonza mainjini a mathirakitala, ndipo ankamwa. Akamwa ankamenya. Khutu lakumanzere la mayi ake linagontha ndi mbama zawo. Myeong-suk ali ndi zaka khumi ndi zinayi, bamboyo anatenga chikwama n'kupita ku Busan ndi mkazi wina wogulitsa mowa, osatumizako ngakhale kalata. Mayi ake analera ana awiri ndi ganyu wa m'minda ya mpunga, ndipo mpaka tsiku lomwalira ankanena kuti, "Uziwapempherera bambo ako. Mzimu wawo ndi wa Mulungu, si wako." Myeong-suk anamvera. Ankawatchula m'pemphero monga munthu amakhomera chitseko pochoka, osaganizako. Patapita zaka zoposa makumi anayi, a boma anamuimbira kuti pali nkhalamba ina yodwala mapapo, yopanda woisamala, yomwe yalemba dzina lake. Anasaina mapepala, anawapezera bedi, ndipo ankapitako kamodzi pamwezi kukasiya matewera ndi manachesi.

Atamaliza ntchito ya kabichi anaimbira mlongo wake wamng'ono, Jae-deok, woyendetsa takisi ku Gwangju.

"Ubatizo?" Jae-deok anaseka mouma. "Achemwali, ndiye kuti timadzi ta m'mbale titsuka zonse zija? Akakafika kumwambako akakhala benchi limodzi ndi amayi?"

"Amatero abusa."

"Sindikufunsa abusa, ndikufunsa inu. Munthu wachita zofuna zake moyo wonse, lero waona manda ayandikira akuti Yesu, Yesu. Ndi ochenjera madala amenewo. Ankadziwa kale kulowera pakhomo la kuseri."

"Ubwera?"

"Ndili ndi kasitomala," anatero, n'kudula foni.

Lachinayi kunagwa mvula yowaza. M'chipindamo munali mabedi asanu ndi limodzi, ndipo wailesi ya kanema inali kuonetsa anthu akupikisana kuimba. Namwino anaitsitsa mawu koma sanaizime. A Gap-su anali atawakhazika ndi mapilo, atawameta ndevu, chipaipi cha mpweya chili m'mphuno. Anali atatha kwambiri moti kolala ya malaya a chipatala inkaoneka ngati ya munthu wina.

"Lero ndiye mukwatira, achimwene," inatero nkhalamba ya pabedi loyandikana. "Mukapeza malo kumeneko mundisungireko pafupi ndi zenera."

Abusa anaimba vesi limodzi la nyimbo, kenaka anayamba kufunsa. Kodi mukuvomera kuti ndinu wochimwa pamaso pa Mulungu? Kodi mukukhulupirira kuti Yesu Khristu anafera machimo anu?

"Inde," ankatero a Gap-su, mawu akutuluka ngati mpweya wa tayala lophulika. "Inde. Ndine wochimwa kwambiri."

Myeong-suk anagwira mbale ija ndi manja awiri. Inali yachitsulo, yozizira, ndipo anaona kuti m'mphepete mwake munali pobenthuka. Abusa anaviika dzanja katatu, m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera. Madzi anatsika pamutu wadazi uja, ena n'kulowera m'khosi. Myeong-suk anaika mbale pansi, anatenga thaulo n'kuwapukuta, kuti angazizidwe.

Pamenepo bambo ake anamugwira dzanja. Ankalira, misozi ikutsatira makwinya.

"Myeong-suk. Ndinakulakwirani. Iwe, mayi ako, nonse. Ndikhululukire, mwana wanga."

Abusa anaweramitsa mutu, namwino anaima pakhomo atagwira pamtima. Myeong-suk anadikira. Zaka zonsezi ankaganiza kuti tsiku limeneli likadzafika, kanthu kena kadzasweka m'chifuwa mwake, kaya ndi mkwiyo kaya ndi chifundo. Anayang'ana dzanja lomwe linamugwiralo. Linali lomwe lija, chala chachikulu chopindika chija, koma tsopano lopepuka ngati phesi louma. Anaona kuti zikhadabo zakula. Pakanema paja mtsikana wina wovala zofiira anali kugwada kuthokoza anthu.

"Ndakukhululukirani, bambo," anatero.

"Amen!" anafuula abusa, ndipo nkhalamba ija inawomba m'manja.

Ali panja, pamalo oimika magalimoto, abusa akulimbana ndi ambulera yokana kutseguka, Myeong-suk anati, "Abusa, ndanama m'menemuja."

"Mwanama chiyani?"

"Mawu aja ndangonena poti nonse mumadikira. Muno mulibe kanthu." Anadzigunda pachifuwa ndi chala. "Muli zii, ngati m'nyumba yosamukamo anthu."

"Mumadana nawo?"

"Ayi."

"Mukufuna akalangidwe?"

"Sindikufuna chilichonse. Ndikungofuna ndikafike kunyumba ndikavule nsapatozi."

Abusa a Noh anali munthu wa mayankho ofulumira, koma apa anavula magalasi onyowa ndi mvula n'kuwapukuta.

"Mayi Pyo, ine sindidziwa," anatero potsiriza. "Chipulumutso cha bambo anu sichili m'manja mwanu, chimenecho musasenze. Za mtima wanuwo, mwina ubwera pambuyo. Mwina subwera. Ndilibe vesi loti ndikuuzeni kuti muyenera kumva kutentha m'chifuwa."

"Ndiye nditani?"

"Mubwera liti kuno?"

"Mawa. Zikhadabo zawo zakula."

Anapitadi mawa lakelo, ndi mkuja, ndi tsiku lililonse. Ankawawenga zikhadabo, kuwamwetsa phala la mpunga ndi kasupuni, kuwawerengera Masalimo poti anapempha. Bambo ake ankamuyang'ana ndi maso othokoza, iye n'kumayang'ana wotchi kuti basi ya folo koloko ingamusiye. Anthu a kutchalitchi ankati Mayi Pyo ndi chitsanzo. Iye sankatsutsa, kutsutsa kumafuna mphamvu.

A Gap-su anamwalira patatha masiku khumi ndi asanu ndi anayi, m'mawa, namwino akusintha nsalu za pabedi. Maliro anakhala masiku atatu. Mtembo unali woti utenthedwe, phulusa likaikidwe pakhoma m'nyumba yosungiramo phulusa la akufa. Mpingo unabwera mwaunyinji kudzaimba, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankawadziwa ali ndi mphamvu zawo. Jae-deok anafika tsiku lomaliza, atavala jekete la kuntchito, n'kuima kumbuyo.

"Phulusa lawo musaliike pafupi ndi la amayi," anatero. "Chimenecho chokha ndakana."

"Ndasankha kale khoma lina. Nyumba ndi yomweyo, koma saonana."

Zonse zitatha Jae-deok anamutenga patakisi yake. Panjira anaima pakanyumba kena kogulitsa msuzi wa mafupa a ng'ombe, n'kukhala moyang'anizana, nthunzi ikukwera pakati pawo. Jae-deok anathira mpunga wake mu msuzi n'kumangotakasa.

"Analiradi paubatizo paja?"

"Analira."

"Nanga inu?"

"Ayi."

Anatakasanso. "Ine ananditchulako?"

Myeong-suk akanatha kumupangira mawu abwino, koma analibe mphamvu yopeka.

"Kamodzi. Anafunsa ngati unasiya kuopa agalu."

Jae-deok anaseka, mpunga n'kumutsamwa. Anamwa madzi, anayang'ana kuzenera, kenaka anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Mwini malowo anasuzumira kuchokera kukhitchini n'kubwereranso.

Myeong-suk anamukankhira bokosi la mapepala opukutira. Anadikira pang'ono, ndipo ataona kuti sizitha msanga, anapitiriza kudya. Msuziwo unali woperewera mchere. Anathiramo n'kumaliza mbale yonse.