Kadiresi Kachikasu

Sesiliya anakwera minibasi ya ku Chipata atamanga chitenje m'chiuno ngati wopita kundewu. Njira yonse kuchokera ku Chiparamba ankayeseza mawu oti akamulase nawo Matiyasi, mwamuna amene anakhala naye zaka zingapo m'komboni ya Mchini. Ankapita kukatenga makina osokera amene malemu mayi ake anamusiyira. Koma chimene mtima wake unkafunitsitsa chinali m'dirowa ya makinawo.

Anali yekha. Malume ake, a Alfonsi, anakana kumuperekeza. "Iwe Sesiliya, m'nyumba ija unalowa popanda ankhoswe. Ine ndikafike kumeneko ngati ndani?" Mawuwo anamupweteka chifukwa anali oona.

Banjalo linatha chifukwa cha kadiresi. Sesiliya atatenga pakati, chimwemwe chinamuyabwa m'manja. Akuluakulu amati mwana wosabadwa sasokeredwa chovala, koma iye, telala wa m'tauni, ankangoseka. Nsalu ingaphe munthu? Anasoka kadiresi kachikasu ka timabatani toyera, nakabisa m'dirowa. Mimba itakula kale, anapita padera. Ali chigonere m'chipatala, apongozi ake anabwera kudzasesa m'nyumba, nakapeza.

"Wamulasa yekha mwana ndi singano!" anakuwa motero mpaka aneba onse anamva.

Nanga Matiyasi? Munthu wokhalira kukuwa tsiku lonse pasiteji kuitanira okwera a ku Mwami, tsiku limenelo pakamwa panauma gwa. Amuna ena mawu amathera kuntchito. Sesiliya anachoka ndi chikwama chimodzi, mabala asanapole.

Atafika ku Mchini, amene anatsegula chitseko anali mayi wachitsikana, mimba ili patsogolo. Sesiliya anali atamva kale za iye, ankati ndi mkazi watsopano wa Matiyasi, dzina lake Ketilina. Koma kumva ndi kuona n'zosiyana. Kumbuyo kwa mayiyo kunatulukira Matiyasi, akutafuna chinangwa.

"Ndabwerera makina a amayi anga," anatero Sesiliya, atakonzeka kale.

"Tenga. Ali kuseri," anayankha Matiyasi.

Basi. Mawu onse aja anayeseza m'minibasi anangosowa ntchito.

Makinawo anawapeza m'khola la nkhuku, atafunditsidwa thumba la feteleza. Gudumu linali litachita dzimbiri, pamwamba pali zitosi. Amayi ake ankawapukuta Loweruka lililonse ndi kansalu ka mafuta. Apa m'pamene anazindikira chifukwa chake sanagulitsidwe: m'nyumbamo munalibe wofuna kuwakhudza. Ankawaopa. Kukanakhala bwino akanamukaniza, akanatukwanizana, kusiyana n'kuona chuma cha amayi ake chitatayidwa ngati cha mfiti.

Anakoka dirowa. Munali tepi yoyezera ndi ulusi wopiringizika. Kadiresi munalibe.

Sesiliya anakhala pansi pomwepo, pafumbi la nkhuku, nalira. Mwana wake sanamuone nkhope. Amayi achikulire anakamuika mwakachetechete monga amachitira ndi mtayo, popanda nyimbo, popanda mtanda. Chimene chinatsala chosonyeza kuti mwanayo anakhalako chinali kadiresi kaja.

"Ndikaitane wa wilibala," anatero Matiyasi kumbuyo kwake, nathawa. Kuthawa ndiye ankakudziwa.

Patapita kanthawi Ketilina anatulukira kuchokera kumpanda wa aneba, atagwira kajumbo ka pulasitiki ndi nsonga za zala. Anagwada movutikira.

"Akulu, pepani. Apongozi anati nditenthe kadiresika. Mbaula ndinayatsa ndithu, koma nditaona timabatanito manja anakana."

Kanali kochapa, kosita, kopindidwa bwinobwino. Sesiliya anakagwira ndi manja onse awiri.

"Inu simukukaopa?"

"Ndikukaopa. N'chifukwa chake ndinakasungitsa kwa aneba." Ketilina anayang'ana msoko wa m'khosi, namwetulira pang'ono. "Komatu mumasoka bwino. Wangayu akadzangoti..."

"Musamalize!" Sesiliya anamugwira dzanja mwamphamvu. "Musamutchule. Musamugulire kanthu, ngakhale thewera, mpaka mutamumva akulira."

Anadzimva yekha. Anali mawu a apongozi aja, mawu omwe anawaseka, omwe anamuthamangitsa m'nyumba imeneyi, ndipo tsopano ankatuluka m'kamwa mwake. Sankadziwa ngati ankawakhulupirira. Ankangodziwa kuti sakanafuna mayi wina aliyense adzakhale pansi m'khola la nkhuku.

Wa wilibala anafika yekha, Matiyasi osaoneka. Anakweza makina, nayamba kukankha kulowera kusiteji. Sesiliya anamasula chitenje chija anamangira ndewu, nakulungamo kadiresi. Anayesa kukanyamula m'manja, anayesa kukhwapa, sizinamukhalire. Potsiriza anawerama pang'ono, naponya chitenjecho kumsana, namanga mfundo pachifuwa.

Mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anamuona akudutsa, nafuula mwachifundo: "Amayi, m'fundeni mutu mwanayo, dzuwa lawawa!"

Sesiliya anakweza chitenje, namufunda.