Masiku 19 a m'Buku la Amayi

Kalata yondiitana ku intavyu ya sukulu ya udokotala inafika Lachitatu pa 28 Ogasiti. Intavyuyo inali ya Lachinayi pa 12 Seputembala. Ndinali ndi masiku 15.

Azakhali anga, alongo awo a abambo, anagwira ntchito ya unamwino zaka 31 asanapume, ndipo ndi iwo amene anadzipereka kundikonzekeretsa. Tsiku lililonse 2 koloko masana ankakhala pabalaza, wotchi yawo ya pachifuwa ili patebulo, ine n'kugogoda ngati mlendo.

"Lowani, adokotala. Ayi, bwererani. Mwalowa ngati mwabwera kudzapempha mchere."

Ankafuna ndiziyankha mmene anamwino amasiyirana odwala posinthana ntchito: tsiku, nthawi, ndi chimene waona ndi maso ako. Nditati tsiku lina ndinathandiza mnzanga atakomoka, anamenya tebulo ndi cholembera.

"Tsiku lina liti? Anakomoka mphindi zingati? Iwe, mu wodi ukanena kuti 'tsiku lina' amakutuma kukatsuka mabeseni."

Lachiwiri pa 3 Seputembala tinafika pa funso limene aliyense amafunsidwa: n'chifukwa chiyani mukufuna kukhala dokotala? Yankho lake ndinali nalo kuyambira ndili ndi zaka 14. Amayi anamwalira ndi chotupa cha m'mimba Lachiwiri pa 26 Meyi, zaka zinayi m'mbuyomo, atagona masiku atatu m'chipatala chachikulu osachitidwa opaleshoni. Kwathu nkhaniyi tinkainena mwa njira imodzi yokha: madokotala anachedwa. Ine ndinkafuna kukhala dokotala wosachedwa. Maphunziro anga onse a kusekondale anaima pa mawu amenewo.

Ndinayankha bwinobwino, osanjenjemera. Azakhali, mwachizolowezi chawo, anafunsa asanaganize:

"Mayi ako anaonedwa koyamba ndi dokotala liti?"

Kenako anatenga wotchi ija, anaipukuta ndi chala, n'kuiika m'thumba.

"Za lero zakwana. Yankho lako lili bwino. Usasinthe kanthu."

Aka kanali koyamba kuti azakhali asiye funso lopanda yankho.

M'mawa mwake abambo atapita kuntchito ndinatsitsa sutikesi ya pamwamba pa wodulobu, mmene timasungamo mapepala a banja. Pansi pa masatifiketi panali buku la kuchipatala la amayi, lomangidwa ndi labala. Pa tsamba la Lolemba pa 4 Meyi, dokotala wa kachipatala ka m'dera lathu analemba kuti wodwalayu apite ku chipatala chachikulu lero lomwe. Pansi pa mawuwo anajambulapo mizere iwiri, mpaka cholembera chinaboola pepala. Tsamba lotsatira linali la Loweruka pa 23 Meyi, tsiku limene anawagoneka. Pakati pake panalibe chilichonse.

Ndinawerenga pa zala ngati mwana. Masiku 19.

Mkati mwa chikuto munali malemba a amayi, a pensulo: mapensulo awiri, rula, sokosi zoyera. Mayeso anga omaliza a kupulayimale anatha Lachisanu pa 22 Meyi. Tsiku limenelo sindinafunike kuliyang'ana m'buku.

Ndinakhala pansi pomwepo mpaka cha m'ma 11. M'masabata amene aja amayi ankasita yunifolomu yanga atakhala pampando. Ankandifunsa masamu atagona chammbali, pilo ali pamimba. Zonsezi ndinaziona ndi maso anga, ndipo chimene chinkandikwiyitsa n'choti ankachedwa kutembenuza tsamba.

Abambo ndi telala. Shopu yawo ndi kachipinda ka pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Masana a tsikulo ndinapita kukayesa siketi ya intavyu. Anagwada kuti apinde m'munsi, mapini ali kukamwa.

"Ababa, pa 4 Meyi dokotala anati amayi apite tsiku lomwelo."

Anachotsa mapiniwo limodzilimodzi n'kuwabaya pa mkono wa malaya.

"Wakuuza ndi mlongo wanga uja eti? Pakamwa ngati wailesi."

"Ndaona m'buku."

"Mayi ako anati mwana akaona bedi langa lopanda munthu sakhoza. Ndinawanyengerera. Ndinakalipa. Takisi ndinaibweretsa pakhomo kawiri, kawiri konse inabwerera yopanda munthu. Ankangoti Lachisanu lake lidutse kaye. Umawadziwa mayi ako."

"Nanga zoti madokotala anachedwa?"

"Pofika kuja anali atafooka moti sakanalimba pa opaleshoni. Iwe unali ndi zaka 14. Ukanafuna tikuuze kuti chiyani? Ima mowongoka, siketi ipendama."

Anamaliza kupinda, koma sanadzuke.

"Ukanene zimene unakonza zija, mwanangu. Anthu aja mayi ako sawadziwa. Ukangokhoza basi, zisapite pachabe."

Sabata yotsalayo azakhali anandifunsa za katemera, za chinsinsi cha wodwala, za chimene ndingachite mnzanga akaba mayeso. Funso lija ankalidumpha. Ine ndinkaliyesa ndekha pagalasi la kuchipinda, ndipo ndikafika pa mawu oti "anachedwa" ndinkamva fungo la nsalu yopsa ndi simbi, m'nyumba mopanda wosita.

Pa 12 Seputembala anandiitana nthawi ili 9:40. Chipindacho chinali ndi zenera limodzi ndi tebulo lalitali. Ofunsa anali atatu: amuna awiri, ndi mayi wa imvi pakati. Funso lija linabwera lachinayi.

Ndinanena masiku monga analiri. Pa 4 amayi anauzidwa kuti apite, dokotala n'kujambula mizere iwiri pansi pa mawuwo. Pa 22 ndinamaliza mayeso. Pa 23 anagonekedwa. Pa 26 anamwalira. Ndinati kwa zaka zinayi ndakhala ndikuimba mlandu anthu a ntchito yawoyo, ndipo ndadziwa masiku asanu ndi atatu apitawa kuti mlanduwo sunali wawo. Ndinati chifukwa china chofunira udokotala sindinachipezebe, koma ndabwera.

Mmodzi wa amuna aja anayang'ana mnzake. Mayi wa imvi anasiya kulemba.

"Mukanakhala inuyo pa 4 Meyi, mukanachita chiyani choposa kujambula mizere iwiri?"

"Ndikanawafunsa kuti kunyumba kuli chiyani chimene chingawaletse kupita."

Analemba. Panabwera mafunso ena atatu, ndipo kumapeto anati ngati ndili ndi funso langa ndifunse. Ndinali nditakonza la maola otsegulira laibulale.

"Chotupa ngati chimenechi, masiku 19 amasintha kanthu?"

Mayi uja anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Zimenezo timaphunzitsa chaka chachinayi," anatero. "Muitane wotsatira."

Mayina a osankhidwa anatuluka pa 7 Okutobala. Langa linali la nambala 26. Abambo ndi azakhali sanandifunsepo zimene ndinakanena, ndipo ine sindinawauze.

Pano ndikumaliza chaka chachitatu. Mabuku a chaka chachinayi ali pa shelefu yachiwiri kuchokera pakhomo la laibulale, ndipo aliyense akhoza kuwabwereka. Ine ndimadutsira mbali inayo. Makalasi a chaka chachinayi ayamba pa 11 Januwale.