Nyimbo ya Nelesi mu Kompyuta Yakale

Kwaya yathu ya pa mishoni inatsala pang'ono kugawanika chifukwa cha mzere umodzi. Nyimboyo anaipeka mkazi wanga Nelesi, amene anatsogolera kwaya zaka makumi awiri mpaka kumwalira kwake chaka chatha, ndipo timafuna kukaiyimba Loweruka povundukula chiliza chake. Azimayi amati kumapeto mawu amakwera. Ife azibambo timati amatsika. Ine Tenson, mwini wake wa malemu, ninalimbikira kuti amatsika, koma kunena zoona ninali nitayamba kuiwala mawu a mkazi wanga, ndipo zimenezo zimaniwawa kuposa mkanganowo.

Ba Fyness, mlembi wa parishi, anakumbukira kuti tsiku lina anajambula kwaya ikuphunzira nyimboyo n'kusunga mawuwo mu kompyuta yakale ya mu ofesi. Tsoka lake, mphezi inaotcha polumikiza sikirini ndi polowetsa fulashi pomwe. Kompyutayo inkangolira ngati chigayo pansi pa tebulo, yosaonetsa kanthu. Chamoyo chinali chingwe chake chopita ku kabokosi ka netiweki basi.

Lachinayi kunabwera mpongozi wanga Chipego, amene amagwira za makompyuta ku Chalimbana. Anati sivuto, kompyuta yatsopano ya mu ofesimo ikhoza kukatenga mafayilo kwa inzakeyo kudzera m'chingwe. Analemba mzere umodzi kuseri kwa pepala la zolengeza: lamulo lokopera mafayilo lakuti scp, kenako dzina la parishi, nambala yaitali ya kompyuta yakale yothera ndi 14, mawu akuti kwaya, ndi kadontho kumapeto. Asanagwire n'komwe kiyibodi, malaiti phethi! Tinadikira mpaka anathamangira minibasi, poti mawa lake anali ndi nchito ya mayeso.

Lachisanu malaiti atabwera tinakhala awiriwiri, ba Fyness akulemba pa kawindo kakuda ka pa kompyuta yatsopano, ine nikuwerenga pepala. Kompyuta inafunsa funso lalitali lachizungu, tinavomera osadziwa chomwe tavomera. Inafuna pasiwedi. Ba Fyness analemba, koma pa sikirini sipanaoneke ngakhale chilembo chimodzi, mpaka tinatembenuza kiyibodi n'kuigwedeza, kuyesa mwalowa mbewa. Kenako inavomera yokha, n'kutiuza kuti fayilo yotero kulibe.

Kulibe bwanji? Tinabwereza kanayi. Tinakangana ngati kadontho kaja kanali ka Chipego kapena chitosi cha ntchentche. Ba Fyness anati mwina kompyuta yakale yagona, anaimenya pambali, inangolira mokweza. Ine ninati tizimitse n'kuyatsanso, iwo anati ikapanda kudzukanso niyankha nine kwa abambo mfumu. Chomwe chimanisokoneza nichakuti pasiwedi yalandira, ndiye kuti pakhomo tafika, atitsegulira, koma m'nyumba muli mbee. Ninakhala pa benchi, mtima unasweka. Ninati Nelesi wapita kachiwiri, ndipo ninalira pamaso pa mlembi, munthu wamkulu ine.

Masana Chipego anayankha foni. Anatiuza tilembe mzere wina waufupi wosonyeza nambala ya kompyuta yatsopano imene tinakhalapoyo. Ba Fyness anawerenga manambala mmodzimmodzi, omaliza anali 14. Chipego anaseka pa foni.

"Atate, kuyambira m'mawa mwakhala mukugogoda pakhomo panu pomwe."

Anafotokoza kuti malaiti akapita n'kubwera, kabokosi kaja kamagawa manambala mwatsopano, woyamba kudzuka niye woyamba kulandira. Yatsopano inadzuka msanga n'kutenga 14 wa inzake. Pasiwedi inalowa chifukwa abambo mfumu anaika imodzimodzi pa makompyuta onse awiri. Ninafunsa ngati zili monga mipando ya m'minibasi, anati eya, chapafupi. Sininamvetse bwino, mpaka lero sinimvetsa, koma tinayesa 15, palibe woyankha. Tinayesa 16. Kompyuta yakale inabuula pansi pa tebulo, pa kawindo kakuda mizere inayamba kutsika, fayilo iliyonse ikukwera mpaka 100.

Ba Fyness anatsegula yoyamba. Munamveka mabenchi akukokedwa, wina akutsokomola, kenako kwaya yonse inayamba. Itafika pa mzere wa mkangano uja, wina anaomba m'manja kawiri.

"Imani, imani. Ba Tenson, mwatsikanso. Nikuuzeni kangati? Apa timakwera."

Kwaya inaseka m'kompyutamo, ndipo Nelesi anayimba mzerewo yekha, kukwera bwinobwino mpaka pamwamba. Ba Fyness ananiyang'ana cham'mbali n'kunena kuti akauza azimayi kuti apambana, nanifunsa ngati abwezere nyimbo yonse kuti niphunzire.

Ninati nyimbo tiphunzira madzulo ndi anzathu. Abwezere kaye paja Nelesi akunikalipira.